Nandolo wa Apongozi Anga

Chaka chimene ndinapatsidwa nyumba ya kampani pa esiteti ya tiyi, m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndinali kalaliki wamng'ono wongolembedwa kumene ntchito. Nyumbayo inali ya njerwa, ya zipinda ziwiri, ndipo kutsogolo kwake kunali kabwalo kochepa. Ndiyenera kuvomera kuti kabwaloko ndinakakonda kuposa nyumba. Ndinali nditakhala zaka zitatu pachikamwini, kumene ngakhale papaya sindikanabzala popanda kupempha. Tsopano ndinali ndi dothi loti ndililamulire ndekha.

Koma mkazi wanga ananditsogolera. Mwezi wa Okutobala, apongozi anga aakazi, amene anali atayamba kale kufooka, anamupatsa nandolo wodzaza manja awiri, womangidwa pakansalu. Sanali nandolo wamba. Njere zake zinali zazikulu, zoyera, zamawangamawanga ofiira, ndipo sizinkachedwa kupsa. Amayi awo a apongoziwo ndiwo anaoloka nayo mbewuyo mtsinje wa Muloza pothawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo kuyambira pamenepo mayi ankaisiyira mwana wake wamkazi. Mkazi wanga ndiye anali mwana wamkazi yekhayo wotsala. Mvula yoyamba itagwa, anabzala mbewu yonse pakabwalo paja, popeza kuseri kwa nyumba mthunzi wa mabulugamu sunkalola kanthu kumera. Anabzala monga amabzalira kwao, phando apa, phando apo, popanda mzere. Nditamuuza kuti khomo la kalaliki si dimba, anaseka, nandifunsa ngati maluwa amathiridwa mchere.

Mtima wanga unali kwina. Tsiku lililonse popereka makalata kunyumba kwa bwana wamkulu, ndinkachedwa dala pachipata kuyang'ana marozi, madaliya ndi mpanda wa haibisikasi wodulidwa mofanana pamwamba pake monga timadulira tiyi. Mkulu wina wa imvi amene ankasamalira maluwawo anaona njala yangayo, nandilonjeza timitengo todula ndi mizu ya daliya yonga mbatata.

Kumayambiriro kwa Disembala apongozi anamwalira. Ndinapita kukaika maliro, ndipo patatha masiku awiri ndinabwerera kuntchito. Mkazi wanga anatsalira kumudzi chifukwa cha mwambo wometa ndi kulongosola za pakhomo pa amayi ake. Sabata yomweyo kapitawo anatiuza kuti dona, mkazi wa bwana, adzayendera nyumba za makalaliki chaka chikatembenuka, kudzaona amene akusamalira bwino pakhomo.

Pano sindifuna kudzinamiza. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chinamera pakabwalo paja. Nandoloyo anali atafika m'mawondo, wobiriwira bwino. Ndinangodziuza kuti mbewu njosasowa, kuti m'nyumba ya apongozi mwatsala mitsuko yodzaza, ndipo chaka cha mawa tidzabzala kwina. Loweruka masana ndinatenga khasu, ndipo dzuwa lisanapendeke ntchito inali itatha. Mitengoyo ndinaponyera mbuzi za mlonda wa fakitale. Kenaka ndinakhoma zikhomo, kukoka chingwe, ndi kuyesa mipata ndi ndodo, monga momwe anthu amabzalira tiyi watsopano.

Maluwawo sanandipatse mtendere. Mvula ya ku Mulanje sidziwa mzere. Kawiri konse inakokolola mabedi anga, kusiya mizu ya daliya pamtunda. Chiswe chinadya timitengo ta marozi kuyambira pansi, kotero kuti ndinkathirira ndodo zakufa osadziwa. Nkhono zinkaboola masamba anthete, nkhuku za anansi zinkafukula manyowa, ndipo mbuzi zija, zitalawa za pakhomo panga, zinayamba kubwera zokha. Ndinawaza phulusa, ndinatchinga ndi nsungwi, ndinakangana ndi mlonda amene kale tinkapatsana moni mwaulemu. Pomalizira pake madaliya asanu ndi awiri anachita maluwa, ofiira ndi achikasu, ndipo sindingakane kuti anali okongola.

Dona anabweradi. Anaima pamsewu atafunda ambulera, naloza madaliyawo, nanena mawu awiri oyamikira, napitirira kunyumba yotsatira. Ndinawabwereza mawuwo kwa anzanga ku ofesi kwa sabata yathunthu.

Mkazi wanga anafika patapita masiku anayi, mpango uli kumutu kometedwa, mwana wathu wamkazi ali kumbuyo. Ndinamuona akutsika njira ya pakati pa tiyi, ndipo ndinaima pafupi ndi maluwa anga kuti ndimuonetse. Anatula katundu pakhonde. Anayenda pakabwalo ponse pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi, mpaka m'mphepete mwa mpanda, kumene anapatula udzu ndi phazi.

"Abambo, simunasiyeko ngakhale phando limodzi?"

Ndinayankha ndi mawu ambiri, olongosoka bwino. Ndinafotokoza za dona, za ulemu wa ntchito yanga, ndi za mitsuko ya kumudzi imene tikanakatapako Lamulungu lomwelo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mitsuko ija tinaphikira anthu a pamaliro," anatero. "Inunso munadya nawo. Munapempha kuti akuwonjezereni."

Sanalire pamaso panga, ndipo sanakweze mawu. Analowa m'nyumba kukayamwitsa mwana. Ine ndinatsala panja, ndikukumbukira mbale ija, ndi mmene ndinayamikirira amayi ophika kuti ndiwo zinapsa bwino.

Chilimwe chitafika, nandolo atauma m'minda, ndinayamba kufunafuna. Ndinkapalasa njinga kupita kumsika wa Chinakanaka ndi wa Chonde, kugwada pamilu ya amayi ogulitsa ndi kufukula njere ndi chala. Ena ankandiseka, nandifunsa ngati bambo wa taye ndataya mphete m'nandolo. Ndinapitanso kumudzi kufunsa anansi a apongozi, popeza ena anapatsidwako mbewuyo kale. Onse anali ataisakaniza ndi ina, ndipo ana ake anatuluka aang'ono ndi ofiirira. Kawiri ndinabwera ndi njere zamawanga zimene ndinakhulupirira kuti ndi zomwezo. Mkazi wanga ankaziika pachikhatho, kuzitembenuza, kuluma imodzi, ndi kundithokoza mwaulemu. Ankabzala ndithu, tinkadya, koma sananenepo kuti tapeza.

Madaliya ndinawasunga zaka zina ziwiri, chifukwa kuwazula kukanakhala kuvomera kulakwa, ndipo masiku amenewo kuvomera kunkandivuta. Mkazi wanga ndiye ankawathirira ndikakhala kuntchito, ndipo ankachotsa nkhono m'mawa uliwonse. Ndinazindikira mochedwa kuti mawu onse amene ndinalankhula tsiku lija anali ofotokoza. Lopepesa munalibe ngakhale limodzi.

Mwana amene anali kumbuyo uja anakula, nakwatiwa ndi mnyamata wa ku Thyolo. Tsiku lomuperekeza, amayi ake anamulongedzera mphika, lichero ndi mthiko, kenaka anaima kanthawi atagwira kansalu kopanda kanthu. Anakapinda bwinobwino, nakaika pansi pa lichero. Mwanayo atafunsa ntchito yake, anamuyankha kuti adzamangiremo mbewu iliyonse imene adzaikonde kumeneko.