Wometa Amene Anakanena Mwana Wake Kupolisi

Ambiri mu parishi yathu ankangowadziwa kuti a Lumo. Anakula ali amasiye, akusesa tsitsi m'kachipinda kometera ka amalume awo, ndipo m'menemo anaphunziramo ntchito ndi pemphero lomwe. Atakwatira anatsegula kawo: mpando umodzi, galasi long'aluka pakona, kamtanda pamwamba pake. Odwala ankawalondola kunyumba kukawameta. "Munthu akakuweramira mutu," ankatero, "wakukhulupirira. Usamucheke."

Mayesero awo analowera pafoni. Mwana wawo wamwamuna, atamaliza sukulu n'kusowa ntchito, analowa m'gulu lina la pa intaneti. Poyamba zinali nthabwala ndi tizithunzi tonyoza anthu a chipembedzo china. Kenako kunabwera mavidiyo ankhanza, ndi mawu a munthu wobisa nkhope womutcha msilikali wa Mulungu. Mnyamatayo anasiya kuseka. Anasiyanso kupatsa moni telala woyandikana nawo, amene ankapemphera kwina.

Tsiku lina anafunsa, "Ababa, kumene amapempherera a telalawa, khomo lakumbuyo amatseka nthawi yanji?"

A Lumo anazimitsa makina ometera. Anamudandaulira, anamuwerengera Malemba, koma iye anangoti, "Inu ndinu ofunda pa chikhulupiriro, ababa." A Lumo atapeza zigubu za petulo pansi pa bedi la mwanayo, anagwada kanthawi, navala jekete, napita okha kupolisi.

Achibale anawasala. Akazi awo anatha miyezi osawayankhula.

"Magazi anu omwe, achimwene?" anafunsa mlongo wawo.

"Ana a telala nawonso ali ndi magazi," anayankha motsitsa, ndipo sanadziteteze kuposa apo.

Mwanayo atamangidwa, a Lumo sankaphonya kukamuona kundende. Mwanayo akakana kuonana nawo, ankakhala pabenchi akupemphera kolona mpaka nthawi yoona akaidi ithe. Kometera, anyamata akamaseka za pafoni, ankati, "Tandionetseni, nane ndiseke." Zikakhala zachidani sankakalipa, ankangofunsa kuti, "Amene wakutumizira zimenezi, ukadwala adzabwera kudzakuona?"

Mwanayo anatuluka bambo ake ali chigonere ndi ukalamba. Anakhala pamphepete pa bedi, mutu uli pansi.

"Unandikhululukira?" anafunsa a Lumo.

"Mukanapanda kupita, ababa, bwenzi ndili wakupha."

A Lumo anamwalira mwakachetechete Lamulungu masana, atalandira sakramenti la odwala, dzanja lawo lili m'manja mwa mwanayo. Kuyambira pamenepo, makolo ena mu parishi muno saopanso kukhala pansi ndi ana awo n'kuwafunsa kuti akucheza ndi ndani pafonipo. Mzimu wawo uuse mumtendere.