Chitseko cha Firiji ya Aneba

Chimene chinandidzidzimutsa n'chakuti mwana wanga wamkazi sanandichingamire. Masiku onse ndikamachokera koyeseza nyimbo za chipani ankandithamangira pamsewu, koma tsikulo anangokhala pakhonde, chala mkamwa. Anali ndi zaka zisanu. Mlongo wake wa zaka zitatu panalibe.

"Mwana ali kuti?"

"Wabisala. Timachita chibisalirano, koma sakutuluka."

Nthawi imeneyo tinkakhala pa boma pa Mwanza, amuna anga ali mesenjala. Aneba athu anali anthu obwera, bamboyo ankagwira ntchito ya kasitomu kumalire. Akazi awo ndinkawatchula achemwali, ndinkawasinjira, mpopi ukauma n'kukawatungira madzi. Ana ndinasiyira iwowo, poti koyeseza kuja munthu sunkakana.

Ndinayang'ana kubafa, m'khola la nkhuku, pansi pa bedi. Kenako kuseri kwa nyumba ya aneba aja ndinamva kugogoda kwapansipansi, ngati khoswe m'nkhokwe. Kumeneko, patsinde pa mango, anatayako firiji yakufa ya parafini. Chitseko chake chikatsekeka chinkadzikhoma chokha, chotsegulira chili kunja. Ine firiji sindinakule nayo, ndinkangoiona ngati kabati.

Nditatsegula, mwana anagwera pamiyendo panga, thupi lonse thukuta, milomo yotuwa, osalira n'komwe. Ndinamuthira madzi, kumukupiza ndi chitenje, kumuitana, kumuitana, mpaka anatsokomola.

Achemwali aja anatulukira akupukuta m'manja. "Iii, amake mwana, analowamo? Paja kumene tinkakhala kale azaumoyo anatiuza kuti firiji ikatha ntchito tizichotsa chitseko. Mmenemu mpweya sulowa."

"Ndiye mumadziwa?"

"Anga ndinawaletsa kusewera kuno."

"Anu okha?"

"Musakweze mawu, inu. Abambo akuti pali munthu wa ku Zobue, kutsidya kwa malireku, adzaigula. Yopanda chitseko angaifune ndani?"

Munthu amene ndinkadya naye m'mbale imodzi, ana anga akusewera pamenepo tsiku ndi tsiku iye akuwaona pawindo!

Amuna anga ataweruka ndinawafotokozera. Anamugwira mwana pamutu, n'kuyang'ana pansi. "Usayambitse nkhani. Aja amadziwana ndi akuluakulu, ine ndine mesenjala chabe. Ungowaletsa anawa."

Mwana wa zaka zitatu n'kumuletsa?

Kutacha ndinadikira kuti amuna onse apite kuntchito. Ndinabereka wamng'onoyo, wamkuluyo ndinamuimika patali, n'kutenga nkhwangwa yowazira nkhuni. Ndinamenya pamahinjesi, dzimbiri likundigwera m'maso, achemwali akukuwa kuti akandinenera. Ndinati kaneneni. Chitseko chitagwa ndinachikhwekhwereza mpaka kudzenje la zinyalala, n'kuchikwirira ndi dothi.

Kuyambira tsikulo ana anga sindinasiyirenso munthu. Koyeseza nyimbo ndinkapita nawo, wina kumsana, wina atagwira nsonga ya chitenje changa.