Kamwala Kosowa pa Lichero

Chaka chimene anthu othawa nkhondo anadzaza kwathu ku Katuli, ine ndinali ndi mwana wokwawa. Woyamba ndinali nditaika m'manda asanamere ndi dzino lomwe, ndiye wachiwiriyu maso anga sankachoka pa iye. Akatsokomola, ine mtima myuu. Akagona kwambiri, ndinkamuika chala pamphuno. Bambo ake anali kunyanja ku Lungwena, kukoka chilimira, kubwera kwake kunali kwa apo ndi apo.

M'khitchini mwathu tinasungamo mayi wina wa ku Mozambiki, wamsinkhu wa mayi anga. Anafika ndi zinthu ziwiri zokha: thadzi lakuda m'khwapa, ndi kansalu komanga mfundo. Thadzilo anayenda nalo m'tchire ulendo wonse, atalimanga mlomo ndi luzi kuti asilikali asamve kulira. M'kansalumo munali timiyala timene amuna awo ankakumba kumapiri a kwawo. Za amunawo sankakamba, ifenso sitinkafunsa.

Timiyala totere ndinali ndisanationepo. Tosongoka, mbali zake zosalala ngati wina anachita kupala ndi mpeni. Kena kanali koyera ngati madzi a pachitsime, koma pakati pali kamtambo. Kena kanali ndi titsitsi tofiira m'kati, toima chilili. Tambiri tinali ndi mtundu wa jivi, uja amapaka pachilonda kuchipatala, koma mtunduwo sunali ponseponse ayi. Kunsonga kuda bii, kutsika pang'ono kumayera, kutsinde mbee. Kakang'ono kwambiri, kofanana ndi njere ya chimanga, ndiko ankakakonda. Ukakaloza kudzuwa unkaona mizere ya jivi yosanjikizana, denga pamwamba pa denga, ndipo pansi pa madengawo panali kamwala kena, kosongoka chimodzimodzi, ngati mwana m'mimba. Ankakatcha kanyumba.

Tsiku lina anatitsuka n'kutiyanika pa lichero pakhonde, iwo n'kupita kuseri kukatola nkhuni. Ine ndinangoti ndikaanule thewera pachingwe. Thewera limodzi! Pocheuka, mwana ali pa lichero, dzanja m'timiyala, pakamwa pakuyenda, dovu chuchuchu. Thadzi lili pambali pake, likupalasa.

Ndinakuwa. Ndinamupisa chala m'kamwa, mulibe kanthu, iye n'kuyamba kulira. Amayi aja anabwera akuthamanga, anangoyang'ana pa lichero kamodzi.

"Kanyumba palibe," anatero.

Tinasesa khonde lonse ndi manja, tinakutumula mkeka, tinasefa dothi. Palibe. Ine m'mutu munangobwera nsonga ija, mmene ikuyendera m'matumbo a mwana wanga, ikucheka. Chipatala chinali kutali, galimoto inali itadutsa kale m'mawa ndipo ina sinkayembekezeka. Ndinalowa m'nyumba kukatenga mafuta a nsatsi oti ndimumwetse atsegule m'mimba, n'kumuika botolo pakamwa.

Amayi aja anandigwira mkono. "Mwanangu, leka. Ngati kali m'mimba, ukakathamangitsa ndiye kacheka. Ngati mulibe, umupweteka chabe. Tiyambe tadziwa."

"Tidziwa bwanji, amayi? Timung'ambe?"

"Iyeyu ayi." Analoza thadzi. "Uyu ndimamudziwa. Chowala chilichonse amajompha. Anandimezera mkanda tili m'njira."

Sindinamvetse msanga. Thadzi limenelo linali litayamba kuikira, ndipo iwo ankalankhula nalo m'mawa uliwonse m'Chiyao cha kwawo ngati m'bale. Ndinati ayi, mwina si ilo, mungaliphe pachabe. Iwo anali ataligwira kale mapiko.

Koma kwathu mkazi sachinja nkhuku. Ngakhale zinthu zitavuta chotani, pafunika mwamuna woti atchule dzina la Mulungu, apo ayi nyamayo ndi yakufa yokha. Ndinabereka mwana n'kuthamangira kwa a mjomba, achimwene a mayi anga, amene ankasoka mphasa pansi pa mtengo wa mango.

"Mjomba, mpeni! Bwerani mudzachinje!"

"Kwabwera alendo? Kapena mwamuna wako wakumbukira njira ya kwawo?"

"Mwana wameza mwala! Kapena nkhuku, sitikudziwa!"

"Mwana wameza nkhuku?"

Ndinalira mokweza, ndipo anaona kuti si zoseka. Anabwera, koma mwa iwo okha: kunola mpeni pamwala, kusamba m'manja, kupatsa thadzi madzi akumwa, kulitembenuzira kumene timayang'ana poswali. Ine ndikungopondaponda, khutu lili pamsana kumvetsera mpweya wa mwana. Anati Bisimila, basi.

Amayi aja sanadikire madzi otentha. Analitumbula ndi nthenga zomwe, anayamba ndi chithokomiro, munali madeya okhaokha. Kenako anatulutsa nthutumba n'kuing'amba pa mbale. Munali timiyala tambirimbiri, monga mudziwa nkhuku, tonse tokutidwa ndi zobiriwira. A mjomba anatola kena koyera, kosongoka.

"Si aka? Nkhani yatha, ndipatseni nthutumba yanga ndizipita."

Mtima wanga unafuna kuvomera. Koma amayi aja anakatsuka, anakaloza kudzuwa, n'kupukusa mutu. "Aka n'ka pabwalo pano. M'kati mulibe kanthu."

Akanatha kungoti ndi komweko kuti ine ndikhale chete. Sanatero. Anapitiriza kutsuka kamodzikamodzi m'chikho, ine nditagwada pambali, mwana akundikoka ndolo. Timiyala tinkatha m'mbale. Kenako anaima, anapukuta kena pachitenje, n'kundipatsa.

"Ona wekha. Ine ndingakunamize."

Ndinakakweza kudzuwa. Misozi inkanditchinga, ndinapukuta, ndinayang'ananso. Kunsonga jivi wakuda, pansi pake denga, pansi pake denga lina, ndipo m'katikati kamwana kaja kali phee. Panalibe kena kotero padziko lonse koti n'kusokoneza nako.

Ndinakhala pansi m'dothi momwemo, ndinamasula mwana n'kumuika kubere, iye akuyamwa ngati palibe chachitika, kwinaku akundimenya ndi kaphazi.

"Thadzi lafera mlandu wake lomwe," anatero a mjomba. "Koma iwe, ukamathamanga chonchi pa chilichonse, nkhuku zitha m'mudzi muno."

Ine ndinkangoyang'ana amayi aja. Anali atakhala pa mtondo, thadzi lili pamiyendo, akulisalaza nthenga za pakhosi ndi chala. Ndinafuna kunena zikomo, koma liwulo linandichepera m'kamwa. Ndinakwawa ndi maondo, mwana ali kubere, n'kuwagwira mapazi.

"Iwe, dzuka," anatero. "Pano palibe maliro. Katereke madzi tisosole, ntchentche zisatiyambirire."

Ndinadzuka n'kukasonkha moto.