Kiyi wa madzi a ku Hara

Loweruka lapitali ndinapalasa njinga kupita ku Hara kukagula mpunga kwa Nyagondwe, mayi wamasiye amene amandigulitsa chisamukire kuno kuchokera kwathu ku Ntcheu. Mpunga ndinabwera nawo. Koma ndinabweranso ndi nsanje, ndipo mpaka lero ikundidya.

Mayiwo sindinawapeze pakhomo. Anali pamsonkhano wa alimi m'mbali mwa ngalande, akudandaula kuti Lachitatu, tsiku lawo lolandira madzi, wapampando wa komiti, Dada Mhango, anapatutsira madziwo m'munda wa mlamu wake. Mbande za Nyagondwe zinali zitayamba kale kufiira. Kungodutsa sabata ina popanda madzi, ndiye kuti chaka chino sakolola.

Mumtima ndinati mayi awa adziputira zosatha. Wapampando ungamusumire kwa yani?

Mlembi anatulutsa kabuku kothimbirira, nawerenga zimene alimiwo anagwirizana kalekale. Paja nkhanga zinapangana kusanapse. Chitumbuka changa n'chotsimphina, koma ndinamva. Malamulo amapanga ndi alimi onse pamsonkhano. Madzi amatsekula ndi wapampando, poti kiyi wa chotsekera ngalande amasunga ndi iye. Milandu amaweruza ndi akuluakulu atatu osakhudza kiyiyo. Ndipo wapampando akakhala ndi mlandu amatsika pampando, kiyi n'kuika pansi.

Anatsikadi. Bambo wathupi lake, jekete ili m'thupi, anakhala paudzu ngati ife tonse, kiyi ali poteropo. Anayesa kukumbutsa anthu zaka zimene wawatumikira, koma akuluakulu aja anati mlandu ndi wa Lachitatu, si wa zaka. Atatuwo atagamula kuti walakwa, alimi anakweza manja, kiyi anapatsidwa wina, ndipo dzuwa lisanapendeke madzi anali akulowa m'munda wa Nyagondwe. Mayiwo anabwerera kwawo osatsatidwa ndi munthu aliyense.

Apa m'pamene nsanje inandigwira.

Ine, owerenga anga, ndine mphunzitsi. Za boma ndimaphunzitsa ndine mu sitandade 8. Chaka ndi chaka ndimajambula pabolodi nthambi zitatu: Nyumba ya Malamulo yopanga malamulo, mtsogoleri ndi nduna zake oyendetsa dziko, makhoti oweruza. Ndimati malamulo aakulu a dziko ali pamwamba pa aliyense. Kenaka ndimawonjezera kuti chipani n'chimodzi ndipo mtsogoleri ndi wamuyaya, ana n'kulemba mwaukhondo, ine n'kuchonga.

Musandimve molakwa. Khadi la chipani ndinagula, lili m'thumba muno, ndipo pamisonkhano ndimaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Changa n'kaduka chabe. Zimene ndakhala ndikujambula ndi choko zaka zonsezi, sindinazionepo zikuyenda ndi miyendo. Ndakaziona kwa anthu a matope m'miyendo, omwe ife obwera ndi masatifiketi timawaseka akamalankhula Chichewa. Kodi zimenezi si zopweteka?

Ndiponso taonani mmene ife ophunzira timachitira. Kusukulu kwathu ahedi akalakwitsa, timang'ung'udzira kuseri kwa chimbudzi, akatulukira n'kuwalandira chikwama. Kutchalitchi mkulu wa mpingo amakalambira pampando chifukwa palibe wofuna kuyamba kukweza dzanja. Tinazolowera kuti mpando ndi munthu n'chinthu chimodzi, moti kumuuza kuti aimirire kumaoneka ngati kumudula mwendo.

Pondiyezera mpunga madzulo ake, ndinawafunsa Nyagondwe ngati sanaope. Anaseka, n'kunditchula asambizgi, mmene amatchulira mphunzitsi kuno.

"Kuopa vichi, asambizgi? Kiyi uja si wa a Mhango yayi. Tinangowabwereka."

Anamanga thumba langa, kenaka anandiyang'ana ndi mtima woyera, ngati munthu wofunadi kuphunzira kwa mphunzitsi.

"Nanga m'mabuku mwanu muja, wamkulu wa dziko akalakwa, kiyi amaika pati?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Kenaka ine, katswiri wa nthambi zitatu, ndinawafunsa ngati mpungawo unauma bwino.

Inu mukanawayankha chiyani?