Nkhondo ya Kwaya ndi Lifiti ya ku Telford

Chaka chimene tinkamenyera mapemphero a Chichewa pa tchalitchi chathu ku West Bromwich, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia tinali khethekhethe. Akuluakulu a mpingo ankakana kutipatsa nthawi ya masana, ife tinawaumirira limodzi mpaka analola. Lamulungu loyamba tinaimba mpaka mawu kusasa. Lotsatira funso linabuka: atsogolere kwaya ndani?

Amuna anga amaonera za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ngati kuti anamenya nawo. Tikudya, anayamba.

"Amayi, Amereka analakwitsa. Atangogonjetsa Jeremani akanatembenukira Russia pompo, asilikali asanavule nsapato. Ifenso ma Zambian awa tithane nawo asanazolowere ma microphone."

"Abambo, anthu aja anali atatopa ndi maliro," ndinatero. "Munthu amene wagona naye m'dzenje limodzi ungamuwombere mawa lake?"

"Ndiye strategy imeneyo."

"Dad, it's a choir," anatero mwana wathu wamkazi, osadzutsa mutu.

Ine ndinachita mantha zenizeni. Amene a ku Zambia ankafuna kuti atsogolere anali mayi amene ankanditenga pa galimoto yawo m'mawa uliwonse kupita ku Telford, ine ku chipatala, iwo kosamalira okalamba. Ine sindiyendetsa, ndipo popanda lifitiyo ntchito ikanandithera. Ndinawauza zimenezi amuna anga, koma anati pa nkhondo sipalephera ovulala.

Anaimbira foni Mmalawi aliyense, ngakhale amene amaponda m'tchalitchi pa Khirisimasi pokha, ndipo iwo eni anapambana chisankho cha wotsogolera kwaya. Lolemba ndinaima pakhomo ndi chikwama changa, galimoto osaoneka. Kenako uthenga wa mayi aja unalowa pa foni: "Amake mwana, nkhondo ni nkhondo. Akupelekeni a general."

A general anandiperekeza nyengo yonse yozizira. Ankadzuka kusanache, kupala ayezi pa galasi ndi chivindikiro cha kontena, kunditula ku Telford, n'kuthamangira ku ntchito kwawo. Chimfine chinawagwira, mawu n'kuuma gwa, moti kwaya inkatsogoleredwa ndi mayi omwe aja, iwo atakhala kumbuyo ndi mpango m'khosi. Chisoni ndinawamvera, koma chochepa.

Tsiku lina, titaima pa mzere wa magalimoto mvula ikuwaza, ndinafunsa mwaulemu wanga wonse ngati Amereka akanatembenukiradi Russia.

Anatsokomola, maso ali pa msewu.

"Amayi," anatero, "ku Russia n'kutali."