Galimoto Imene Inkazima pa Manda

Fungo la phula losungunuka pa moto limandibwezera ku Nkhudzi, m'dzinja limene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Limandikumbutsanso funso limene linasautsa banja lathu kwa masabata atatu: n'chifukwa chiyani galimoto ya bambo inkazima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, pafupi ndi manda a m'mbali mwa msewu wopita ku boma la Mangochi?

Bambo anali mphunzitsi wamkulu, ndipo kwathu kwenikweni kunali ku Ntcheu. Galimotoyo inali yakale, ya bokosi kumbuyo, yogulidwa kwa mmwenye wina amene ankatseka sitolo yake kusamukira m'tauni. Chaka chimenecho mayi anali oyembekezera, ndipo anamwino anawachenjeza kuti asadzachirire pakhomo, popeza mimba yapitayo inawavuta kwambiri. Chipatala chachikulu chinali ku boma. Pachifukwa ichi bambo ankasunga petulo m'zigubu ziwiri, ndipo pobwera pa ulendo uliwonse ankadzadzanso thanki mpaka kukamwa.

Ine ndinkakonda kupita kudoko tikaweruka ku sukulu. Kumeneko asodzi ankakokera mabwato pamchenga, kusungunula phula m'chitini ndi kumata ming'alu, pamene usipa unkauma pamathandala. Ndinaphunzira kwa iwo kuti kabowo kalikonse, ngakhale kochepetsetsa, ndi njira ya madzi. Mvula yoyamba itagwa ndinamva bambo akuuza mayi kuti madzi akalowa mu petulo, injini imafa. M'mawa mwake, ndikupukuta galimoto, ndinaona kabowo ngati koboola ndi singano pa chivindikiro cha thanki. Madzulo ndinabwera ndi phula pa kamtengo, ndinamata bwinobwino, ndi kusalaza ndi chala. Chivindikirocho chinali chakuda, choncho panalibe chooneka. Sindinauze munthu, koma ndinagona wokondwa kuti mayi ndawateteza.

Loweruka lotsatira galimoto inazima. Inayamba kutsokomola, kugwedera, kenaka inangoti zii pansi pa mlambe wa pamanda. Muvi wosonyeza mafuta unali utafa kalekale, motero bambo anatsika, kutsegula thanki ndi kupisamo bango. Petulo analimo wambiri. Atatseka, galimoto inalira ngati palibe chimene chachitika. Zinabwerezeka ulendo wachiwiri ndi wachitatu. Amayi a pachitsime anayamba kulangiza mayi kuti bambo aziyamba aima ndi kupereka moni kwa eni ake a malowo. Mayi ankangotunga madzi ndi kubwerera kunyumba. Dengu lawo la kuchipatala linali kale pakona, muli nsalu, beseni ndi khadi la chipani pamwamba, limene masiku amenewo ankalifunsa polowa m'chipatala, ndipo ndinkawaona akuliyang'ana nthawi yaitali.

Bambo sankakhulupirira za manda. Analemba m'kope mtunda wa ulendo uliwonse, ndipo anapeza kuti unali mamailosi asanu ndi atatu. Kenaka anaitana Che Saidi, makanika wa ku boma, munthu wamfupi wovala kofia, amene anafika pa njinga zida zili m'thumba la chiguduli. Anasintha mapulagi. Ulendo wina anachotsa kabureta, kuitsuka m'mbale ya mayi, ndi kusintha sefa ya petulo. Pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu injini inkalira mosalala, koma pamanda inkazimabe. "Aphunzitsi," anatero akupukuta manja, "galimoto yanuyi ndi yamantha kuposa ana anu a sitandade wani." Bambo anaseka pang'ono chabe, chifukwa masiku a mayi anali atayandikira.

Pomaliza Che Saidi anati sasinthanso kanthu mpaka atadzionera yekha. Tinanyamuka m'mawa, iwo awiri kutsogolo, ine m'bokosi. Nthaka inkanunkhira chinyontho, chimanga chinali chofika m'mawondo, ndipo achule ankalira m'zithaphwi. Pa mlambe uja galimoto inazima. Bambo anatenga bango lawo, koma pamene ankapotokola chivindikiro, Che Saidi anawagwira dzanja ndi kutchera khutu. Tonse tinamva mpweya ukulowa m'thanki ndi kaphokoso konga ka munthu womwa tiyi wotentha. Makanikayo anakanda chivindikiro ndi chikhadabo, kununkhiza, ndi kunena kuti phula limeneli linali la mabwato, osati la pamsewu.

Ndinaulula ndili m'bokosi momwemo. Che Saidi sanakwiye. Anapempha phini imene inagwira kolala ya diresi langa, anatokosa nayo kabowo kaja mpaka kuwala kunaoneka, ndipo anandibwezera. "Chemwali, bwato ukalimata limayenda, koma thanki imapuma ngati iwe ndi ine. Ukaitseka mphuno, imakomoka." Anafotokozera bambo kuti petulo akamatuluka, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake, ukapanda kulowa, pampu imalephera kukoka. Thanki yodzaza imakhala ndi mpweya wochepa, ndipo popeza bambo ankaidzadza mofanana nthawi zonse, inkabanika pa mtunda wofanana. Manda anangopezeka pa mailosi yachisanu ndi chitatu.

Bambo anatenga chivindikirocho ndi kuchitembenuza m'manja. Kenaka anandifunsa chifukwa chake, ndipo nditafotokoza za mvula ndi za mayi, anangondigwira pamutu ndi kunena kuti tsiku lina ndidzayambe ndafunsa. Patapita masiku asanu ndi anayi, masana dzuwa likuswa, anadutsa pa mlambe uja ndi mayi ndi dengu lawo osaima. Mlongo wanga anabadwira ku chipatala, ndipo onse awiri anabwerako ali bwino.

Panthawiyo ndinkaganiza kuti cholakwa chinali changa chokha, ndipo kwa miyezi ndinkapewa kudoko. Lero ndimaona kuti tinali awiri: ine ndinatseka kabowo, bambo ankadzadza thanki, ndipo tonse tinkachita zimenezi poopera munthu mmodzi. Kope la bambo ndili nalobe. Pa tsamba lomaliza la nkhaniyi analemba kuti galimoto inazima kasanu ndi kawiri, mapulagi anayi ndi sefa imodzi zinasinthidwa popanda chifukwa, ndipo chimene chinakonza ndi phini imodzi.