Mmisiri wa Mipando Amene Anakana Kugulitsa Nyumba

Inu amene mukuona ngati dziko lakuiwalani, imvani za a Evaristo Cassiani, mmisiri wa mipando wa kwathu ku Puerto Almendro, m'mphepete mwa nyanja ku Colombia.

Tsiku limene anagulitsa firiji pamodzi ndi bedi limene ankagonapo ndi malemu akazi awo, a Evaristo anakhala pansi pabalaza n'kumangoyang'ana khoma. M'nyumbamo munatsala mpando umodzi, mbaula ndi bokosi la zipangizo. Komatu khonsolo inkati iyi ndi nyumba ya munthu wolemera.

Nyumbayo anaimanga agogo awo. Denga linkadontha, zitseko zitadyedwa ndi chiswe. Koma alendo odzaona malo anayamba kukonda nyumba zakale za mumsewu wathu, ndipo anthu andalama anayamba kuzigula n'kumazisandutsa mahotela. Posakhalitsa khonsolo inatuma anthu kudzayeza nyumba zonse kuti aziikire mtengo watsopano. Mtengo utakwera, nawo msonkho unakwera mochititsa mantha.

A Evaristo anapita kukhonsolo kukafunsa.

"Mwana wanga, ndiye kuti ndalemera?"

"Papepala mwalemera, madala," anayankha mtsikana wa pawindo.

"Nanga pepalalo ndikalikazinge ndi mafuta ati?"

Mtsikanayo anaseka, koma msonkho sunasinthe.

Anthu anayamba kugulitsa nyumba, banja ndi banja. Kwathu kuno, dzuwa likapendeka aliyense amatulutsa mpando wogwedezeka pakhomo, n'kumacheza mpaka mphepo ya kunyanja itazizira. Mipando yoluka ndi zingwe imeneyi ndiyo a Evaristo ankapanga. Ocheza atachoka, ogula anathanso.

Womaliza kuchoka anali mnzawo wa paubwana, a Ubaldo, amene ankamenya nawo masewera a madomino.

"Iwe Evaristo, wakakamira ngati nkhanu," anatero a Ubaldo akukweza katundu m'lole. "Ukufuna adzakunyamule pamodzi ndi chiswe chako?"

"Pita, wakuba iwe. Ndipumeko kuberedwa pa madomino."

Anaseka onse awiri. Lole itakhota, a Evaristo analowa m'nyumba ndipo tsiku limenelo sanaphike.

Kuyambira pamenepo ankatulutsa mpando okha. Alendo ankadutsa atanyamula makamera, kuwajambula ngati chipilala, osapereka ngakhale moni. Masiku ena mawu okhawo amene ankatuluka pakamwa pawo anali oitanitsa khofi kwa wogulitsa wodutsa.

Mwana wawo yekhayo, Yorleidis, amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Spain. Akaimba foni nkhani inali imodzi.

"Ababa, gulitsani. Nyumba si munthu."

"Ndamva, mwana wanga. Kodi kumeneko ukudya?"

Ngongole ya msonkho inkakula. Bambo wina wa malaya oyera ankabwera pafupipafupi, kunena kuti bwana wake ali wokonzeka kugula. Atagulitsa bedi lija, a Evaristo anamuuza kuti adzabwere sabata yamawa, adzamvana.

Koma asanavomere, anaganiza zokaona kaye kumene anzawo anapita. Anakwera basi mpaka kumapeto kwa tauni, kumene nyumba zake zimafanana ngati mabokosi a machesi. Anawapeza a Ubaldo ali m'nyumba masana, zitseko zotseka, atawonda.

"Ndalama ndili nazo, achimwene," anatero a Ubaldo. "Koma kuno palibe amandidziwa dzina. Ndikadzafa, adzadziwa chifukwa cha fungo."

A Evaristo anatsanzika n'kunyamuka. M'basi pobwerera anaona kuti kusungulumwa sikuthawika ndi lole. Ngati n'kukhala okha, bola akhale okha pamalo pamene makoma akuwadziwa.

Wa malaya oyera atabwera, anamupatsa madzi akumwa n'kumuuza kuti, "Kauzeni bwana wanu kuti mwini wake akadali moyo."

Kukana n'kosavuta. Chovuta chinali kupeza ndalama.

Anabwerera kukhonsolo kukapempha kuti azilipira pang'onopang'ono. Anawauza kuti abwere mawa. Mawa lake anabwera. Anawauza kuti woona zimenezo wachokapo. Anakhala pabenchi kumudikira. Anapitapita mpaka alonda anayamba kuwasungira malo pamzere, ndipo pamapeto pake anawalola.

Kenaka anabereka mpando wawo wotsala uja kumsana n'kuyamba kugogoda m'mahotela, m'nyumba zomwe zija ankalowamo kale osagogoda. Ena ankawabweza pageti. Mlonda wina anawafunsa ngati akusamuka. Munthu wa imvi, dzuwa lili pamutu, mpando kumsana, kuyenda mumsewu umene anabadwiramo ngati mlendo. Madzulo ankafika kunyumba n'kudya nthochi yokazinga ali chiimire.

Patapita masabata, mayi wina dzina lake Dioselina, woyang'anira kahotela kakang'ono, anawaimitsa.

"Bambo, tsitsani mpandowo, mwatopa."

"Ukatsika ndiye kuti mwagula, mayi."

Mayiyo anakhalapo, n'kugwedezeka pang'ono, n'kutseka maso.

"Amayi anga anali ndi wotere kumudzi," anatero. "Sindigula. Koma ndili ndi mipando yothyoka kuseriku. Mungaikonze?"

Anaikonza. Ndalama yake inali yochepa, koma anagulira zingwe ndi matabwa. Popeza m'nyumba munkatentha, anayamba kulukira pakhonde. Tsopano alendo odutsa sankangojambula. Ankaima, kuyang'ana zala zawo, kufunsa mtengo. Mayi Dioselina anauza anzawo a m'mahotela ena. Chaka chisanathe, a Evaristo analemba ntchito amayi awiri amasiye kuti aziwathandiza kuluka, ndipo m'nyumba muja munayambanso kumveka mawu a anthu.

Akanatha kulekera pomwepo. Koma poyenda ndi mpando paja anaona okalamba ena otsalira m'misewu ina, aliyense atadzitsekera, aliyense akuganiza kuti vutoli ndi lake yekha. Anawayendera mmodzimmodzi. Ena anakana, amvekere, "Khonsolo simva za amphawi." Iwo sanaleke. Pa msonkhano woyamba wa khonsolo anapita anthu ochepa ndipo sanawapatse mpata wolankhula. Pa wotsatira anadzaza mabenchi.

A Evaristo ataimirira sananene zambiri.

"Mabwana, ife sitinakweze mtengo wa nyumba zathu. Tinangokhalamo. Alendo amabwera kudzaona tauni ya anthu. Mukatichotsa tonse, adzaona chiyani?"

Nkhaniyo inatenga nthawi, koma m'chaka chachiwiri khonsolo inavomera kuchepetsa msonkho kwa okalamba amene akhala m'nyumba zawo moyo wawo wonse. Panali lamulo limodzi lokha: nyumbayo isakhale yochitiramo malonda.

Ya a Evaristo tsopano inali yochitiramo malonda.

Atamva, anaseka mpaka misozi.

"Ndaphika phwando, mbale yanga n'kusweka!"

Anzawo anawalangiza kuti abise ntchitoyo, azilukira kuseri. Iwo anakana. Anati amayi awiri aja ali ndi ana, ndipo iwo sangayambe kubisala m'nyumba ya agogo awo atakalamba kale.

Mpaka lero a Evaristo amalipira msonkho wonse wathunthu, ndipo umachokera m'manja mwawo. Sanalemere. Masiku ena kusungulumwa kumawagwirabe, pakuti amene anapita sanabwerere. Koma chifukwa cha iwo, mabanja angapo amene anali atamanga kale katundu anamasula, ndipo ana awo akukulira kwawo.

Tsiku lina ndinawafunsa ngati sizimawawawa kuti anamenyera ena nkhondo iwo osapindula.

"Osapindula bwanji?" anayankha osakweza maso pa zingwe. "Ndikatuluka m'mawa, pali wondipatsa moni."

Mwina nanunso mwatsala nokha pamene ena onse anachoka, ndipo mukuuzidwa kuti nzeru n'kugonja. Dzukani mawa, berekani chimene manja anu amadziwa, mukagogode. Akakubwezani, gogodani pena. Osataya mtima, pakuti mwini wake mukadali moyo.